Teni Sheleni ya Ulendo

Munthu amene anandilakwira kuposa wina aliyense pa moyo wanga ndi a Dafita Mwale, folomani wa shedi yosankhira fodya papulazi lina kufupi ndi Norton, kumadzulo kwa Harare. Anapisa dzanja m'thumba la jekete la bambo anga, bambowo ali chigonere m'bokosi, nachotsamo ndalama imene anapempha kuti aikidwe nayo m'manda. Ndayamba ndi zimenezi kuti inu ana anga, Tendai ndi Giresi, musadzanene kuti ndinakubisirani. Koma dziwaninso kuti munthu yemweyo ndiye anandiphunzitsa ntchito imene inakulerani, ndipo mpaka lero sindinaonepo manja ogwira chinthu mwaulemu ngati manja awo. Mukwiye nawo kapena muwatame, zili kwa inu. Ine ndinachita zonse ziwiri, ndipo zinanditopetsa.

Norton, nkhondo ikupita kumapeto

Za ubwana wanga palibe chokoma cholemba. Sukulu ya papulazi ndinalekezera giredi faifi, tsiku limene ndinagenda mphunzitsi ndi dasitala pamphumi chifukwa ananena pamaso pa kalasi yonse kuti ife mabhurandaya tilibe kwathu. Limenelo ndi dzina lachipongwe limene ankatipatsa ife ana a anthu ochokera ku Malawi. Bambo anga, a Yotamu Banda, sanandikwapule. M'mawa mwake anangondigwira pamkono mpaka kushedi, nkundiimika pamaso pa a Mwale. "Achimwene, Laisoni uyu mutu wake ndi ng'anjo. Muoneni, mwina fodya amuziziritsa."

A Mwale anali munthu wamfupi, wa ku Dedza, wovala khoti loyera la kuntchito limene silinkaoneka ndi banga ngakhale pakati pa sizoni ya fodya. Za mphunzitsi uja sanandifunse. Anatenga tsamba louma lochokera m'balani nati, "Tambasula." Ndinalikoka ndi mphamvu, linangoti phwanyu, zidutswa mbwee pansi. Anyamata onse m'shedi anafa nako kuseka, ine magazi atakwera kale kumutu. Iwo anatenga tsamba lina, nalidutsitsa pa nthunzi pang'ono, nalitambasula ndi nsonga za zala mpaka linagona patebulo ngati nsalu yosita. "Chouma sachigwira ndi ukali, mwanawe. Umayamba wachinyengerera." Mawu amenewa andilankhula m'khutu nthawi zambiri ndili pafupi kumenya munthu. Nthawi zina ankandigwira dzanja, nthawi zina ankafika mochedwa.

Anandiphunzitsa kusiyanitsa tsamba la mtundu wa lemoni, la olenji ndi la mahogane, kuzindikira tsamba la pansi pa mtengo ndi la kunsonga, ndi kumva ndi mphuno fodya amene wayamba nkhungu maso asanaone. Sankakalipa. Ndikasankha molakwa ankangobweza mtolo wanga kumanzere, nkubwezanso, mpaka manyazi ankawawa kuposa chikoti. Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ndipo chilichonse chinkasowa: ziguduli zokutira mabelo, zingwe, palafini. Mzungu wathu, amene tinkamutcha Madevu, ankangoyenda uku ndi uku akulalata. A Mwale anatiletsa kudula chingwe ndi mpeni. "Mpeni ndi wa aulesi, masulani." Tinkang'ung'udza, koma shedi yathu sinaimepo chifukwa chosowa chingwe, pamene mapulazi oyandikana nafe ankabwera kudzabwereka.

Tsopano ndinene za ndalama ija. Bambo anachoka ku Dowa wapansi nthawi ya Chitaganya, pamene maiko atatu anamangidwa pamodzi ndipo ndalama inali imodzi kuchokera kuno mpaka kwathu. Atalandira malipiro oyamba anapatula pepala limodzi la teni sheleni nati iyi ndi ya ulendo, yoyambira njira yobwerera kumudzi. Amuna ambiri m'komboni anachita chimodzimodzi. Zaka zinapita, anakwatira, tinabadwa ife, Chitaganya chinatha, ndalama zinasintha. Ena uthenga wokasinthitsa unawapeza mochedwa. Ena anaumva bwinobwino koma anakana dala, chifukwa kusinthitsa ya ulendo ndi ndalama yogwira ntchito kuno kokha kunali kuvomera kuti ndiwe mtchona, sudzabwereranso. Motero mapepala aja anafera m'zipewa, m'mapilo ndi m'tizitini, osagulanso ngakhale machesi. Kenaka m'makomboni munabadwa mwambo woti mtchona akamwalira aziikidwa ndi ya ulendo m'thumba, kuti ngakhale thupi latsala kuno, mzimu ukwere ukafike kwawo. Akulu a mpingo ankaletsa paguwa, koma nthawi yawo ikayandikira nawonso ankanong'oneza akazi awo.

Ya bambo inali yofiirira, ya nkhope ya mfumukazi ya azungu ndi mbalame ya nkhwazi. Amayi ankaisokera m'kati mwa chipewa ndi ulusi wabuluu. Pa Khirisimasi bambo ankaiphwasula kuti ationetse, amayi nkusokanso, choncho m'mphepete mwake monse munali tizibowo ta singano. Pakona panali banga la fodya wa mphuno, pamene chala chawo chachikulu chinkagwira.

Norton, ufulu utangobwera

Bambo anadwala chifuwa nyengo yothyola fodya ndipo sanadzukenso. Masana ena anandikokera pafupi nati, "Laisoni, za chipewa chija ukudziwa. Usandilole ndipite wapansi kachiwiri. Miyendo inatha."

Kwathu maliro saikidwa ndi eni ake. Banja lililonse lili ndi banja lina loliikira maliro. Ku Malawi amati adzukulu, kuno tinazolowera mawu a Chishona akuti sahwira. Banja la a Mwale linkaika maliro athu, ife tinkaika awo. Sahwira ndiye amasambitsa mtembo, kuuveka ndi kukhoma bokosi. Amaloledwa kuseka pamaliro, kutsanzira mayendedwe a malemu, kugwira nkhuku ya pakhomo osapempha, ndipo palibe angamudzudzule. Ukakangana naye, maliro ako adzanunkhira m'nyumba.

A Mwale anagwira ntchito imeneyi mokongola. Anavala chipewa cha bambo, nayenda chotsimphina monga iwo ankayendera, akufunsa amayi kuti fodya wawo wabisidwa kuti, mpaka amayi anaseka misozi ili m'masaya. M'mawa wa tsiku loika ndinaphwasula teni sheleni ija nkuwapatsa. Anailandira ndi manja awiri, naiika m'thumba la jekete ine ndikuona, nasisita thumbalo. Kenaka anati, "Tuluka tsopano, tikhome." Ndinapita kumanda mtima uli m'malo. Ndinali mwana wovuta, koma chinthu chimodzi chimene bambo anandipempha ndinali nditachita.

Sizoni itatha, Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, a Mwale anandiitanira kunyumba kwawo. Anayamba asamba m'manja nkupukuta chala chimodzichimodzi. Kenaka anatulutsa pansi pa bedi matabwa awiri a mlombwa, opalidwa bwino, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Pakati pake panali mapepala ofiira aja timayala m'mabelo, ndipo pakati pa mapepalawo panagona ndalama zakale, iliyonse payokha. Sindinaonepo chinthu chosamalidwa chotere m'komboni. Panali ya faifi sheleni yaing'ono, ya nkhope ya mfumu yaimuna imene inalamulira mfumukazi isanalowe. Panali mateni sheleni ofiirira ndi mapaundi obiriwira. Sanalembe kalikonse paliponse, koma iliyonse ankaitchula mwini wake. "Iyi ndi ya a Sikelo, a ku Ntcheu, ankaweta ng'ombe za Madevu. Nunkhiza, ikadali ndi utsi. Iyi ndi ya a Fulaipani, ankaiika m'nsapato, ndiye yang'ambika pakati." Anandionetsa kuiimika pa dzuwa kuti nkhope yobisika m'pepalamo ioneke. Payokha, pansi penipeni, panali paundi yobiriwira ya chithunzi cha nyalugwe, yosapindidwapo chikhalire, yolira ngati tsamba labwino ukaigwedeza. "Iyi ndi yanga," anatero.

Kenaka anavundukula pepala lina. Tizibowo ta singano. Banga la fodya pakona. Kaulusi kabuluu kakadali lende.

"Iyi ndi ya a Banda," anatero, osatsitsa ngakhale mawu. "Dothi likanaidya pofika Khirisimasi."

Ine amene ndinagenda mphunzitsi, amene ndinali nditathyola kale mnyamata wina dzino pampira, ndinangokhala pampando nkumaonerera. Iwo anapitiriza kuvundukula mapepala ena ngati anena za mvula. Ndinatuluka osatsanzika nkuthamangira kwa amayi. Anandimvetsera akusenda maungu, ndipo nditanyamula mpini wa khasu anandigwira malaya. "Khala pansi, chitsiru iwe. Ukatsegula pakamwa pakopo kwa a Mwale, ine ndikafa adzandisambitsa ndani? Agalu?"

"Amayi, bambo apita wapansi!"

"Ndamva. Ulire, koma sahwira satukwanidwa. Ukafuna kuwayankha, udikire ine ndilowe m'nthaka."

Mawu aja anatsalira pakhosi, ndiye anatulukira m'manja. Lolemba m'mawa kalaliki wa papulazi anandikankha pang'ono pakhomo la shedi, ndinamumenya mpaka anagwera m'mabelo. Madevu anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Amene anapita kukamupempha kuti asaitane apolisi anali a Mwale. Amene anatumiza mawu kwa mlamu wawo papulazi lina la ku Mutorashanga kuti andilembe ntchito anali iwo omwewo. Anandikweza palole ndi kathumba ka ufa ndi khoti lawo lakale. Sindinathokoze.

Mutorashanga, m'ma 1980 ndi m'ma 1990

Kumeneko ndinakhala zaka zambiri, pansi pa mapiri opanda mitengo aja amakumbako miyala ya kromu. Ndinayamba ngati wosankha wamba, kenaka ndinakhala folomani wa shedi. Manijala woyamba anali Mbunu wokonda kuponya chipewa pansi akakwiya, ndipo tsiku lina tinaponya zipewa tonse awiri, shedi yonse ikuonerera, mpaka iye anayamba kuseka. Wachiwiri anali Mshona wophunzira zaulimi, munthu wachilungamo, amene anatiyendetsa bwino chaka cha chilala chachikulu, pamene malasha a m'mabalani ankasowa ndipo tinkadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Kumeneko ndinakwatira mayi anu, Esinati. Ndinkati ndikamaphunzitsa anyamata atsopano ndizimva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Mpeni ndi wa aulesi, masulani," ndipo ndinkapsa mtima ndi lilime langa lomwe.

Pafupi ndi pulazi panali nkhalamba zambiri za ku Malawi zimene zinasiya ntchito kumigodi. Mmodzi, a Sande, anamwalira alibe m'bale pafupi, ndipo anthu a m'komboni anandipempha kuti ndikhale sahwira. M'pilo mwawo tinapeza paundi ya Chitaganya. Ndinaiika m'thumba mwawo, ndinakhoma bokosi ndekha, ndipo ndinaima pamanda mpaka dothi lomaliza, ndikunena mumtima kuti umu ndi mmene achitira anthu, a Mwale. Patapita zaka kunabwera mayi wina kuchokera ku Kadoma, mwana wa a Sande amene anasiyana nawo ali wakhanda. Anafunsa ngati bambo ake anasiyako kanthu. Ndinamutengera kumanda nkumulozera mtumbira wa udzu. Anauyang'ana nati mwaulemu wa Chishona, "Sekuru, sanasiye ngakhale supuni?" Ndinalibe chomupatsa.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyendera nkhalamba zikadali moyo. Ndinkapita ndi fodya wa mphuno nkupempha poyera kuti ya ulendo andisungitse. Ena ananditukwana. Mmodzi anandithamangitsa ndi mpini akufuula kuti ndikufuna kumuloza. Ena anaseka nati, "Tenga, mwanawe, basi yake inanyamuka kalekale, uchite nayo zimene ukufuna." Ndinapala matabwa angaanga. Ndinaphunzira kuti ndalama yakale saisita, saichapa, saiika pa nthunzi ngati fodya, koma umaigoneka nkuilekerera kuti iwongoke yokha. Ndinayamba kuikonda ntchitoyo chabe chifukwa cha kukongola kwake: timizere tating'onoting'ono tija, mitundu yosatuwa, ndi dzina la dziko la bambo litalembedwa pafupi ndi dzina la dziko lino, pamene pachitupa changa analembapo kuti ndine mlendo.

Amayi atamwalira ndinabwerera ku Norton. A Mwale, imvi zili mbuu, anaika malirowo mwaulemu womwe uja. Titachoka kumanda anandiyang'ana chammbali. "Ndamva uli ndi matabwa ako."

"Ine ndimapempha," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wopempha amatsala ndi zochepa." Amayi anali atalowa m'nthaka, ndipo ndinali womasuka kunena zonse. Koma manja a munthuyo anali akadali ndi dothi la manda a amayi anga. Ndinameza.

Ruwa, 2008

Mapulazi a azungu atalandidwa tonse tinabalalika. Ine ndinapeza ntchito ku Ruwa, yothirira ndi kulondera dimba la munthu wina wa m'tauni. A Mwale anakakhala kwa mwana wawo Rozi, m'kanyumba ka matabwa ku Norton. Tsiku lina Rozi anatsika kombi, minibasi ya kuno, pageti pathu atanyamula chinthu chokulunga m'bulangete ngati khanda. "Denga likudontha kwathu, achimwene. Bambo akuti musunge ndinu, akuti ndinu nokha amene mumasamba m'manja."

M'bulangetemo munali matabwa a mlombwa aja. Motero teni sheleni ya bambo inabwerera m'manja mwanga popanda kupempha. Loweruka lotsatira ndinaiika m'thumba la malaya, ndinatenga kakhasu, ndinakwera kupita kupulazi lakale la ku Norton kuti ndikaikwirire pamanda awo. Ndinapeza mitengo ya misasa imene inkazungulira manda itadulidwa yonse, yapita kukawotcha fodya. Pamalopo panali chimanga chofota. Mayi wina wa anthu atsopano amene anagawiridwa pulazilo anandimvera chisoni, anasiya kupalira nkundithandiza kufunafuna. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Panalibe mtumbira, panalibe mtanda, panalibe ngakhale mbale yosweka. Ndinakhala pachulu nkutulutsa pepala lija. Pa zonse zimene a Yotamu Banda anagwira pa dziko lino, chimene chinatsala ndi banga la chala chawo pakona ya teni sheleni, ndipo chinatsala chifukwa cha wakuba. Ndinalibweza m'thumba nkubwerera ku Ruwa, wokwiya kuposa mmene ndinapitira.

Chaka chimenecho inu mukuchikumbukira. Ndalama zinali ndi maziro osawerengeka, malipiro a m'mawa sankagula kanthu madzulo, m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Tinkatola maula kutchire, Giresi anayamba kutupa mapazi. Ndiye kunabwera mnyamata wa galimoto kuchokera ku Harare, amene ankagula ndalama zakale nkumagulitsa kwa azungu a kunja, ndipo ankalipira ndi madola a ku Amereka. Wina anamuuza za ine. Ndimupatse ulemu wake, ntchito ankaidziwa. Sanagwire ndi zala, anali ndi kachitsulo kopanira ndi galasi lokuzira. Anayang'ana matabwa anga, kenaka a a Mwale. Atafika pa ya bambo anaikankhira pambali. "Iyi ndi chinyalala, madala. Ndani anaiboola chonchi?"

Mayi anu anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mnyamatayo sakudziwa mpaka lero kuti mano ake anawapulumutsa ndani.

Pomaliza anavundukula pepala la pansi penipeni. Anayang'ana paundi ya nyalugwe kutsogolo, kumbuyo, pa dzuwa. Kenaka anatchula mtengo woti ukanatidyetsa mpaka kukolola. Ndinati adikire, ndinatuluka panja, Esinati ananditsatira.

"Bambo a Tendai, mukuganizanso chiyani? Mwini paundiyi anakuberani. Mwakhala mukundiboola nazo makutu chikwatirane. Lero Mulungu waika yake m'manja mwanu, mwana akutupa mapazi. Mukudikira mngelo atsike?"

Mayi anu sananame pa liwu ngakhale limodzi. Ndikanagulitsa ndikanadyetsa ana anga nkubwezeranso chipongwe, zonse pa tsiku limodzi, ndipo palibe m'komboni iliyonse akanandiimba mlandu. Koma ndinaona chinthu china. Ndikatenga ya ulendo ya munthu osamupempha, ine ndi a Mwale tafanana, ndipo mawu amene ndinawasungira zaka zonsezi asanduka madzi. Musaganize kuti unali ubwino wa mtima. Linali liuma. Ndinabwerera m'nyumba nkugulitsa zanga zokha, zija eni ake anati ndichite nazo zimene ndikufuna. Zinapita zonse, pamodzi ndi faifi sheleni yanga ya mfumu imene ndinaipempha kwa nkhalamba ina chaka chathunthu. Mnyamata uja anachonderera paundi ija mpaka pageti, akukweza mtengo. Ufa umene tinagula unatha mvula isanagwe bwino, ndipo tinabwereranso ku maula. Mayi anu sanandilankhule mpaka chimanga chitabereka. Giresi, mwana wanga, mapazi aja anali ako. Ndakulembera kuti udziwe chimene bambo ako anasankha, uweruze wekha.

Norton, zaka zingapo pambuyo pake

Rozi anaimba foni kuti bambo ake akundiitana, ndibwere ndi matabwa. Ndinafika masana. Anawagoneka pamatilesi pansi pa mtengo wa mapeyala, atachepa ngati mwana, maso atachita khungu. Atamva mawu anga anati, "Laisoni, wamenya ndani panjira?"

"Palibe, bambo. Ndakalamba."

"Ndiye dziko latha. Rozi, madzi."

Anasamba m'manja, Rozi nawapukuta chala chimodzichimodzi monga anamuphunzitsira. Ndinamasula mphira nkumawapatsira imodziimodzi. Maso analibe, koma zala zinali zomwe zija. Ankasisita m'mphepete, kununkhiza, nkutchula. A Sikelo a ku Ntcheu. A Fulaipani a m'nsapato. Amuna amene mapulazi awo anasintha maina, amene manda awo analimidwa, anatuluka mmodzimmodzi pansi pa mtengo uja, aliyense ndi mudzi wake, ndipo ana a Rozi anasiya kusewera nkudzakhala pansi kumvetsera. Atafika pa ya tizibowo anaisisita m'mphepete. "A Banda," anatero, nandibwezera. 

Pomaliza ndinawapatsa paundi. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, inalira. "Rozi anandiuza za mnyamata wa galimoto. Ndinkadziwa kuti sugulitsa." Anaigoneka pachifuwa nkuiphimba ndi dzanja. "Tsopano tamvera. Wotsala wa banja la a Banda ndiwe, ndiye wondiika ndiwe. Iyi udzandiikire m'thumba la khoti."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za usahwira. Ndinayang'ana nkhope yawo, sanali kuseka. 

"Dothi lidzaidya pofika Khirisimasi," ndinatero.

"Nzeru zimenezo zinali za munthu wamoyo, mwanawe. Ku Dedza nkutali. Ndikuopa."

Rozi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana manja aja, amene anandiphunzitsa kugwira tsamba, amene anaika bambo ndi amayi anga. Magazi sanakwere kumutu monga kale. Ndinagwada pafupi ndi matilesi, ndinanyamula dzanja lawo pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, ndinasolola paundi ija nkuipereka kwa Rozi. Kenaka ndinayandikira kukhutu kwawo kuti liwu lililonse lilowe.

"A Mwale, mumve, chifukwa mawu awa ndawasunga kuyambira ndili mnyamata. Munawabera bambo anga. Anapempha kanthu kamodzi kokha, inu munawatumiza wapansi ndi miyendo yotha. Kaya munachita bwino kaya ayi, ine zandikanika kuweruza, koma munaba ndipo simunapepese. Ndidzakusambitsani ine ndi manja amene munawaphunzitsa nokha. Ndidzakuvekani khoti lanu loyera, ndipo m'Norton muno palibe munthu amene adzaikidwe mwaulemu kuposa inu. Koma paundi iyi ikhala ndi Rozi ndi ana ake. Mupita wapansi. Musaope, a Banda amayenda chotsimphina, sanafike patali. Mukawapeze panjira, mukapepese nokha."